Mawu Amene Mumasainira Osafunsa

Amene muli pakhonde, amene muli m'golosale kudikira makasitomala, amene muli m'minibasi ndipo adalaivala akukomerani mtima posatseka wailesi, takulandirani ku pologalamu yathu ya chiyankhulo.

Lero tili ndi mawu awiri a Chingerezi amene ngakhale mwana wa Sitandade 6 akhoza kuwatchula osapunthwa: "stick to". Mawuwa sayenda okha. Ali ndi abale awo atatu amene mumakumana nawo m'mafomu, m'makalata a boma ndi pa zikwangwani za kuchipatala: "abide by", "adhere to" ndi "comply with". Mukatsegula dikishonale, onsewa akuuzani chinthu chimodzi, kutsata lamulo kapena kusunga pangano. Koma ine ndikuti si amodzi. Aliyense ali ndi pakamwa pamene amatulukira, ndipo mukadziwa amene amawayankhula, mwadziwanso amene ali ndi mphamvu pa nkhaniyo, kaya ndinu kaya ndi iye.

Tiyambe ndi wa tsiku ndi tsiku.

"Stick" ndi kumata. Amene munakulira kumudzi mukuudziwa ulimbo. Mpheta ikatera pa kamtengo kopaka ulimbo, ikupize mapiko mmene ingathere, miyendo siichoka. Chithunzi cha mawuwa n'chimenecho: munthu wamamatira pa zimene zinagwirizanidwa, sakusuntha. Mnzanu wa bizinesi akakuuzani kuti "stick to the plan", akuti tisasinthe zimene tinapangana dzulo. Amayi a m'nyumba akati "stick to the budget", akuti ndalama ya ufa isakathere pa kanyenya. Wapampando wa msonkhano akati "stick to the point", akunena zomwe nyakwawa imanena pabwalo, mboni ikayamba kulongosola mbiri ya agogo ake pomwe yafunsidwa za mbuzi imene inadya chimanga: "Tabwererani pa mlandu, bambo."

Taonani chinthu chimodzi. Palibe amene amakuuzani mawuwa popanda chokukokani kuti muchoke. Amanenedwa pamene pali njira yachidule, pamene pali mtengo wotchipa wa katundu wokayikitsa, pamene apolisi apamsewu sakuoneka. Ndi mawu a anthu ofanana, mnzako kwa mnzake, kholo kwa mwana, kochi kwa osewera ake. Mulibe chindapusa m'kati mwake. Muli chenjezo chabe.

Kwa ana asukulu amene mukumvera, tengani cholembera. Zikakhala kuti zinachitika kale, sitinena "sticked". Timati "stuck". Chachiwiri, pambuyo pa "to" ameneyu pamabwera dzina la chinthu, kapena mneni wothera ndi "ing". Wogulitsa tomato amene akufuna kulumphira bizinesi ya nsomba osaidziwa timamuuza kuti "stick to selling tomatoes", osati "stick to sell". Ambiri amagwa pomwepa chifukwa anazolowera kuti "to" amatsogolera mneni wosavala kanthu, monga mu "to go" ndi "to eat". Apa ayi. Chachitatu, "stick with" kawirikawiri amapita kwa munthu kapena chinthu chimene mwasankha kusachitaya: timu yanu ikaluza masewera anayi otsatizana inu n'kumapitabe kubwalo, ndiye zimenezo. Ndipo "I am stuck" payekha si nkhani ya malamulo konse. Ndi lole yatitimira m'matope mwezi wa Febuluwale.

Ndikudziwa ena muti, timawu tating'ono ngati "to", "by" ndi "with" tili ndi ntchito yanji, bola anthu amvana. Pamsika n'zoona. Ineyo sindine wa gulu lija limene limaseka munthu chifukwa Chingerezi chake chamveka fungo la kwawo. Koma wochonga mayeso a MANEB sali pamsika. Kuti munthu apeze satifiketi ya MSCE ayenera kukhoza maphunziro osachepera 6, ndipo limodzi mwa iwo liyenera kukhala Chingerezi. Alipo ana anzeru pa masamu ndi sayansi amene anatsala panja chifukwa cha phunziro limodzi limeneli. Ndiye tizitenge bwino: ndi "abide by", osati "abide to". Ndi "comply with", osati "comply to". Ndi "adhere to" ndi "stick to". Mudzamva akuluakulu ovala masuti akuphonya zimenezi pa misonkhano ya atolankhani, koma iwo analemba kale mayeso awo.

Chifukwa chimene timavutikira n'chomveka. Chichewa sichifuna kamlatho pakati pa mneni ndi chinthu chotsatidwacho. Timati kutsata lamulo, kumvera makolo, kusunga mwambo, basi. Tikafuna kusintha tanthauzo timasintha mneni weniweniyo: kumva, kumvera, kumvetsa, kumvetsera, kumvana. Chingerezi chimasiya mneni momwemo n'kumasintha kamawu kotsatira. Ndiye njira yachidule palibe. Mawu awiriwo muwaloweze ngati ndi liwu limodzi, musawalekanitse.

[Kanyimbo kopumira]

Tsopano tifike pa wamkulu wa onse, "abide by".

"Abide" ndi liwu lakalekale m'Chingerezi, ndipo poyamba linkatanthauza kukhala kapena kudikira pamalo. Lero payekha simulimva kawirikawiri, kupatula m'Baibulo ndi m'nyimbo za kutchalitchi. Koma likatengana ndi "by" lili moyo ndithu, ndipo ntchito yake ndi yolemera. Limanena za kukhala pansi pa chigamulo chimene sunapange ndiwe, ngakhale chitakupweteka.

Okonda mpira mukuzidziwa. Bullets ndi Wanderers zakumana pa Kamuzu Stadium, refa waloza penate, theka la bwalo laimirira likukuwa kuti wadya. Wosewera akhoza kukwiya, kaputeni akhoza kukadandaula mwaulemu, akuluakulu a timu akhoza kulemba kalata mawa lake. Koma penate imenyedwa. Timu ikatuluka m'bwalo chifukwa chokana chigamulo, masewera atha, ndipo chilango chigwera iyoyo. Pamene timu inalembetsa mu ligi inavomera kale kuti refa akaimba wezulo, zatha, isanadziwe n'komwe kuti wezuloyo idzakomera ndani. Mtima wa "abide by" ndi umenewo: umavomera woweruza usanamve chiweruzo.

Dziko lathu lino lili ndi mbiri ya mawu amenewa imene mayiko ambiri alibe. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anaponya voti ya riferendamu, nyali kapena tambala wakuda, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu alionse anasankha nyali, ndale za zipani zambiri. Dr Hastings Kamuzu Banda, amene anali Pulezidenti wamuyaya, sanakane zotsatirazo. Chaka chotsatira, pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994, anagonja kwa a Bakili Muluzi ndipo anavomera pa wailesi. Munthu anganene zambiri za zaka 30 za ulamuliro wawo, ndipo zambiri mwa izo n'zowawa, koma pa tsiku limenelo anachita chimene ena a msinkhu wawo m'Africa muno anakana kuchita.

Ndiye panabwera 2019, chisankho chija cha Tipp-Ex. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu, a Healey Potani, a Ivy Kamanga, a Redson Kapindu, a Dingiswayo Madise ndi a Mike Tembo, anakhala tsiku lonse akuwerenga chigamulo, dziko lonse lili pa wailesi, ndipo anafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti. A Peter Mutharika, amene zotsatirazo zinawakomera, ndi bungwe loyendetsa zisankho anachita apilo. Apa ndifune kuima pang'ono, chifukwa anthu amasokoneza. Kuchita apilo si kukana kumvera khoti. Ndi njira imene lamulo lomwelo linatsegula. Kukana kumvera ndi pamene khoti lomaliza layankhula iwe n'kumachitabe zako. Khoti la Supreme linagwirizana ndi oweruza asanu aja pa 8 Meyi, chisankho chinabwerezedwa pa 23 Juni, a Lazarus Chakwera anapambana, ndipo a Mutharika anachoka pampando, akudandaula inde, koma anachoka. Patapita zaka zisanu gudumu linatembenuka. Pa chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 a Mutharika anapambana, ndipo a Chakwera anavomera kugonja bungwe la zisankho lisanalengeze n'komwe zotsatira zomaliza.

Onse awiriwa analawapo mbali yowawa ya mawuwa. N'chifukwa chake ndimati mukamva wandale akulonjeza chisankho chisanachitike kuti "I will abide by the results", musaombe m'manja msanga. Lonjezolo silidula kanthu kwa wopambana. Mtengo wake amalipira ndi woluza yekha.

"Adhere to" ndi m'bale wake wa "stick to" amene anapita kusukulu. Anachokera ku Chilatini, ndipo kumeneko amatanthauzanso kumata. Tanthauzo n'limodzi, chovala n'chosiyana: uyu ndi wa m'malipoti ndi m'maofesi. Koma malo amene ali ndi ntchito yeniyeni ya moyo ndi imfa ndi kuchipatala.

Mankhwala a malungo a LA timamwa masiku atatu, m'mawa ndi madzulo, maulendo 6 onse pamodzi. Ndi angati a ife amene tsiku lachiwiri thupi likangozizira timasunga mapilitsi otsalawo kuti adzathandize mwana akadzadwala? Mankhwala a TB ndi miyezi 6, ndipo munthu amayamba kupeza bwino miyeziyo isanathe, n'kuona ngati wachira. Akasiyira panjira tizilombo totsala timaphunzira mankhwalawo, ndipo matenda akabwerera amafuna mankhwala ena ovuta komanso a nthawi yaitali. Ma ARV ndiye a moyo wonse, tsiku ndi tsiku.

Madokotala a Chingerezi kale ankakonda kunena kuti wodwala ayenera kuchita "comply", ndiye kuti amvere zimene wauzidwa. Kenako ambiri anasiya liwu limenelo n'kutenga "adhere", chifukwa anaona kuti wodwala si mkaidi. Munthu amene sanamvetse chifukwa chomwera mankhwala, amene sanafunsidwe ngati ali ndi chakudya kapena ndalama ya thiransipoti yokatengera ena, sangamamatire ngakhale mutamuopseza bwanji. Kusintha liwu kunali kuvomera kuti wodwalayo ali ndi mbali yake pa mgwirizano.

Ndipo kuno kwathu azaumoyo anachita chinthu chimene maofesi ena sanaphunzirebe. Ma ARV aulere atayamba m'zipatala za boma mu 2004, sanangopachika chikwangwani cha Chingerezi n'kukhala pansi. Anamasulira. Anati kumwa mankhwala mwandondomeko, kumwa mokhulupirika, osadumphitsa. Wodwala ankabwera ndi womuyang'anira, onse awiri n'kuphunzitsidwa m'chiyankhulo chawo asanalandire botolo loyamba. Alangizi a zaumoyo ankatsatira m'midzi amene asowa. Agogo amene sanaponde m'kalasi amadziwa ola lawo lomwera ndipo saphonya. Sanafunike kudziwa Chilatini. Anafunika munthu wowafotokozera.

"Comply with" sindichedwa naye, chifukwa nonse mumamudziwa ngakhale simunamuphunzire. Ndi mawu a wamphamvu kwa wopanda mphamvu. Amachokera ku MRA, ku Malawi Bureau of Standards, ku Road Traffic, ku khonsolo ya mzinda. Safunsa ngati mwagwirizana nazo. Ndipo kumbuyo kwake nthawi zambiri kumabwera mnzake, "failure to comply", kutanthauza kuti mukapanda kutero, chotsatira ndi chindapusa, kutsekeredwa sitolo kapena kulandidwa laisensi. Mukaona mawu amenewo m'kalata, fufuzani tsiku lomaliza limene alembapo musanachite china chilichonse.

Amayi achikulire amene mukumvera mukukumbuka lamulo la kavalidwe la 1973, limene linaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi. Munamvera, pakuti kumvera kunali imodzi mwa nsanamira zinayi za ulamuliro wa a Kamuzu Banda, pamodzi ndi umodzi, kukhulupirika ndi kusunga mwambo. Koma lamulolo litangochotsedwa nthawi ya kusintha kwa ndale, zinaoneka poyera kuti ambiri ankangomvera, sankavomereza. Ndipo mu Epulo 2020, boma litalengeza kuti anthu akhale m'nyumba masiku 21 chifukwa cha Covid-19, mavenda anatuluka m'misewu kufunsa kuti adya chiyani, ndipo khoti lalikulu linaimitsa lamulolo lisanayambe kugwira ntchito. Kulamula n'kosavuta. Koma lamulo limene silinaganizire za m'mimba mwa wolamulidwayo limathera pa pepala.

[Kanyimbo kopumira]

Nkhani ya pepalayi ndi imene yandibweretsa lero, ndipo ndikupempha amene munali kumvera ndi khutu limodzi mubweretse linalo.

Malamulo a dziko lino amalembedwa m'Chingerezi. Gawo 51 la malamulo oyendetsera dziko limati munthu sangakhale phungu ngati satha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kuti atenge nawo mbali pa zokambirana za Nyumba ya Malamulo. Chichewa chinakwezedwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, koma mafomu a ngongole, makontilakiti a ntchito, mapangano a lendi, mapepala a inshuwalansi, ambiri mpaka lero amabwera m'Chingerezi, tizilembo take tating'ono ngati nyerere zafola. Ndipo pansi penipeni, pamwamba pa mzere wosainira, mudzapeza chiganizo choyamba ndi "I agree to" kapena "I undertake to", kenako mmodzi wa abale anayi aja.

Si zatsopano. Agogo athu amene ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ankadinda chala pa mapepala amene sanawawerenge, ndipo ankadziwa zimene avomera atafika kale pansi pa mgodi. Lero chala chomwecho chimadina pa foni. Mukatsegula akaunti ya Facebook kapena WhatsApp, mukatenga kangongole ka pafoni pakati pa mwezi, pamabwera kabokosi koti muvomere, ndipo tonse timadina mothamanga ngati wina akutithamangitsa.

Kodi khoti limati chiyani munthu akanena kuti sindinawerenge? Pali mlandu wotchuka wa 1934 wa ku Britain. Mayi wina, Harriet L'Estrange, anali ndi malo odyera ku Llandudno, ndipo anagula makina ogulitsira ndudu. Anasaina fomu osaiwerenga. Makinawo sanagwire ntchito bwino, koma m'tizilembo tating'ono munali mawu ochotsa udindo pa kampani yogulitsayo. Khoti linati mayiyo anasaina, ndiye pepalalo lamumanga, kaya anawerenga kaya sanawerenge, pokhapokha ngati ananamizidwa za zimene zinalembedwamo. Malamulo athu a mapangano tinatengera kwa Angerezi omwewo, ndipo mfundo imeneyi ophunzira zamalamulo amaiphunzira mpaka lero. Taganizani: mayi ameneyu Chingerezi ankachidziwa bwino, ndipo analuza. Nanga mlimi wa ku Ntchisi amene wapatsidwa fomu ya ngongole ya feteleza, mzere wa anthu uli kumbuyo kwake, kalaliki akumuloza ndi cholembera kuti sainani apa ndi apa?

Koma msampha weniweni suli m'tizilembo timene mukutiona. Uli mu zimene simukuziona. Tamverani bwino chiganizo ichi, chimene chimapezeka m'makalata ambiri olembera anthu ntchito: "The employee shall abide by the company's rules and regulations." Akuti wantchito adzatsata malamulo a kampani. Malamulo ake ati? Sali pa pepala limene mukusainalo. Ali m'buku lina, mu kabati ya abwana, limene mwina simudzaliona mpaka tsiku limene adzalitulutse kuti akuwerengereni ndime imene mwaphwanya. Mawu amenewa ali ngati chala choloza kwina. Mukasaina pepala limodzi, mwasainira ndi buku lonse limene likulozedwalo.

Ndipo nthawi zina amawonjezera kamchira: "as amended from time to time". Tanthauzo lake, malamulowo akhoza kusinthidwa nthawi ina iliyonse, ndipo mwavomereratu ngakhale amene sanalembedwe. Sindikunena kuti aliyense wolemba zimenezi ndi wakuba. Kampani iyenera kukhala ndi mpata wosintha nthawi yoyambira ntchito popanda kusainitsanso anthu mazana. Koma inu muyenera kudziwa kuti mwapereka mpata umenewo.

Achinyamata amene mukusaka ntchito kunja, izi zikukhudzani kwambiri. Kuyambira mu Novembala 2023 Amalawi mazanamazana anapita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. Mu Meyi 2024 tinamva kuti 12 abwezedwa kumudzi chifukwa anachoka m'minda imene anawalembera n'kukagwira ntchito kwina. Kwa ife kuno, kusiya bwana wolipira pang'ono n'kupita kwa wolipira bwino ndi nzeru. Koma chiphaso chawo chinali chomangirira pa ntchito ya kumunda, ndipo kuchokapo kunali kuphwanya pangano. Abale athu amene akusamalira okalamba ku Britain alinso ndi ziphaso zomangirira kwa amene anawaitana. Musanakwere ndege, funsani funso limodzi ili: ndikasemphana ndi bwana ameneyu, pepalali likundilola kuchita chiyani?

Chimodzimodzi belo. Wachibale akatulutsidwa pa belo, banja limasangalala ngati mlandu watha, osamvetsera zimene woweruza akuwerenga: kukaonekera kupolisi masiku akutiakuti, osatuluka m'boma lino osapempha, osayankhula ndi mboni. Munthu n'kupita kumaliro boma lina, kapena kukapepesa yekha kwa wodandaula monga mwambo wathu umafunira, osadziwa kuti waphwanya belo, n'kubwerera m'chitokosi. Apa pokha lamulo lili mbali yanu poyera. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limati womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chiyankhulo chimene amamva, ndipo pozengedwa mlandu, ngati samva chiyankhulo cha khoti, boma limupezere womasulira. Ndiye kuimika dzanja n'kunena kuti "Bwana, sindinamve, abwereze m'Chichewa" si mwano. Ndi ufulu wanu.

Ena amati Amalawi sitikonda kutsata malamulo. Ine ndimawauza kuti akaone banki mkhonde. Amayi 20 amakhala pansi pa mtengo, n'kupangana okha: wochedwa alipira zakuti, wojomba zakuti, chiwongoladzanja ndi chakuti, tidzagawana mwezi wakuti. Malamulowo amawerengedwa mokweza, m'chiyankhulo chawo, aliyense n'kufunsa pamene sanamve. Ndipo mayi amathamanga kuchokera kudimba, matope ali m'miyendo, kuopa chindapusa cha K200. Zovuta zilipo, ena amathawa ndi ndalama, tonse tamvapo. Koma palibe amene angaimirire pagulupo n'kunena kuti sindinkadziwa. Mayi yemweyo mukamupatsa fomu ya masamba asanu ya Chingerezi, n'kudzalephera kusunga ndime ya 14, muziti ndi wosamvera?

Apa mlandu waukulu ndikuupereka kwa eni mapepala. Bungwe limene limatha kulengeza malonda ake m'Chichewa chokoma pa wailesi ino, ndi nyimbo ndi nthabwala, silingalephere kumasulira tsamba limodzi la zimene likufuna kuti kasitomala asunge. Poitana anthu amadziwa chiyankhulo chathu. Pomanga anthu ndiye aiwale?

Koma pamene tikudikira kuti asinthe, cholembera chili m'manja mwanu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mukaona "abide by", "adhere to" kapena "comply with" pa pepala limene akufuna musaine, ikani cholembera pansi, muwerenge mawu otsatira. Ngati akutchula malamulo amene sali pa pepalapo, nenani kuti, "Achimwene, malamulo akunenedwa apawa ndingawaone?" Ngati Chingerezi chake chakukulirani, pemphani kuti mupite nalo kunyumba akakuwerengereni mwana wa sekondale, mphunzitsi kapena abusa. Akakana kuti pepala lituluke, lijambuleni pa foni. Funsani chimene chidzachitike mukadzachedwa kulipira mwezi umodzi, chifukwa yankho la funso limenelo ndi limene limasonyeza ngati mwaika chikole njinga kapena nyumba. Mukasaina, musachoke opanda kope yanu. Ndipo amene akukuuzani kuti "ingosainani, ndi zamwambo chabe", mufunseni kuti ngati ndi zamwambo chabe, bwanji sakukupatsani ndalamazo osasaina.

Nthawi yatithera. Sabata yamawa tidzatenga liwu lina limene limakhala m'mapepala omwewa, "guarantor", kuti amene munasainira ngongole ya mlamu wanu mudziwe chimene munalonjeza.